Amayi ayamba kuiwalaiwala, kumudzi akuti ndi ufiti. Ndiwatenge ndidzakhale nawo kutauni?

NaBanda_Kawale analemba:

Abale anga, ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Lilongwe. Amayi ali kumudzi kwathu ku Dedza, akukhala ndi mng'ono wanga, amuna ake ndi ana awo. Agogo ankati amayiwa anabadwa chaka cha njala ya 1949, ndiye zaka zawo muwerengere nokha. Bambo anatisiya kalekale, ine ndili ku sekondale.

Zinayamba ngati zocheza. Kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Kukufunsa kuti "wafika liti mwanawe?", uwayankha, usanamalize kumwa madzi akufunsanso. Tinkangoseka, tinkati ndi ukalamba. Kenako anayamba kubisa zinthu. Ndalama zomwe ndimatumiza pa foni, mng'ono wanga akatapa n'kuwapatsa, amazikulunga m'kansalu n'kuzisomeka kudenga la khitchini kapena m'thumba la chimanga. Kukacha aiwala, ndiye mlandu wayamba. Amene amamuloza ndi alamu anga, amuna a mng'ono wangayo. Mukudziwa mmene mkamwini amakhalira pamudzi pa eni ake. Munthu amene amawalimira munda, amene anawafolerera nyumba mvula itayandikira, lero akutchulidwa wakuba ana ake akumva. Anena kale kuti akatopa anyamula zawo abwerera kwawo ku Ntcheu.

Dzuwa likamapendeka ndiye amavuta zedi. Amamanga kamtolo ka zitenje n'kumati "ndiperekezeni kwathu, amayi akundidikira", chonsecho ali pamudzi pomwe anabadwira ndipo agogowo tinawaika kalekale. Masiku ena amapakula nsima n'kuivundikira bwinobwino, akuti ndi ya bambo, akubwera kuchokera ku Joni. Bambo anapitako ku migodi ali mnyamata, ife tisanabadwe.

Koma chandigonetsa m'maso ndi ichi. Mwezi watha anyamata opita kudimba anawapeza kumanda m'bandakucha, khasu m'manja, atangomanga chitenje m'chiuno, kumtunda kulibe kanthu. Munda wathu wakale unali kuseri kwa mandawo, ine ndikukhulupirira kuti ankapita kumeneko. Tsoka lake sabata yomweyo mwana wa pakhomo loyandikana nafe anadwala mwakayakaya. Basi, mudzi wonse wagwirizana kuti "tawagwira". Ana omwe ankabwera kudzakazinga nawo chimanga makolo awo awaletsa. Mng'ono wanga akafika pa mjigo azimayi amangoti zii.

Malume, omwe ndi mwini mbumba, akuti tipite nawo kwa sing'anga akaone. Mfundo yawo ndi yakuti amayi nyimbo za ku Chigwirizano amaimba ndime zonse osaphonya liwu, ndiye munthu woiwaladi angaimbe bwanji chonchi, akuchita dala. Achimwene a ku Blantyre akuti apenga basi, tikawasiye ku Zomba. Mng'ono wanga akungolira pa foni.

Ine ndili m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndimachoka mamawa kubwera madzulo. Kodi awa ndi matenda, ndipo amachizika? Ndiwatenge ndidzakhale nawo kuno, kapena akhale konko? Amene munadutsamo, ndiuzeni zoona zokhazokha.

Namwino_WaUsiku anayankha:

Pepani kwambiri achemwali. Sindingawayeze amayi pa intaneti, koma zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda oiwalaiwala, amene kuchipatala timawatchula kuti dementia. Si ukalamba wamba, pali agogo ambiri ofika zaka 90 mutu uli gwa. Apa ubongo ndiwo ukuwonongeka pang'onopang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer, womwe unatenga dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906. Umenewu umagwira pakati pa 60 ndi 70 mwa odwala 100 alionse. Mtundu wina wofala umachokera ku mitsempha ya magazi ya mu ubongo: BP yosasamalidwa, shuga, timasitiroko ting'onoting'ono tomwe mwiniwake sadziwa n'komwe kuti tamugwira.

Za nyimbozo akawauze malume chonchi. Nkhokwe timayamba kutapa chimanga chapamwamba, chapansi chimatsalira. Matendawa amayamba kudya zatsopano, zakale zimakhala mpaka mochedwa, makamaka nyimbo ndi mapemphero zomwe munthu wazibwereza moyo wake wonse. N'chifukwa chake akukumbukira za ku Joni koma sakukumbukira kuti adya kale.

Musanakambe zosamuka, chipatala kaye. Pitani nawo ku chipatala cha boma cha m'boma lanu, mutenge buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa, ngakhale azitsamba. Mng'ono wanu asatsale, chifukwa iye ndi amene amaona zochitika usiku ndi usana, amayi okha akafunsidwa angoti "ndili bwino". Pemphani awayeze BP, shuga, mkodzo, kuchuluka kwa magazi, HIV ndi chindoko. Musachite manyazi kuti ndi munthu wamkulu, matenda awiriwa amatha kufika ku ubongo ndipo ali ndi mankhwala. Kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, kukhumudwa kwa nthawi yaitali, ngakhale kusamva bwino m'makutu, zonsezi zimatha kuoneka ngati dementia kapena kuikulitsa. Zimenezi zikapezeka munthu amapezako bwino.

Ngati ilidi dementia, ndisakunamizeni, mankhwala ochiziratu palibe. Alipo monga donepezil omwe amachepetsako zizindikiro kwa ena kwa kanthawi, koma sapezekapezeka ndipo saimitsa matendawo. Chomwe ndikuletseni mwamphamvu ndi kuwagulira mapiritsi ogonetsa kumsika kapena kwa anzanu. Munthu wamkulu akamwa amadzuka ali dzandidzandi, agwa, athyoka chiuno, ndipo ambiri sadzukanso pamphasa.

Kwa achimwene anuwo: ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda a m'maganizo, ku Bwaila ku Lilongwe kulinso mbali yotere, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Amenewa ndi malo okaonana ndi akatswiri, munthu n'kubwerera kwawo. Si kokatula kholo.

Chomaliza, ndipo ichi musaiwale. Dementia imayenda pang'onopang'ono. Mukadzaona asintha mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri, akusokonezeka kuposa kale, akungogona kapena akuona zinthu zomwe palibe, musati ndi matenda omwe aja. Kawirikawiri kumakhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi. Thamangani nawo tsiku lomwelo.

MwanaWaMlimi_Balaka anayankha:

Mlongo, ife tinadutsamo ndi bambo, anamwalira chaka chatha. Anamwino anena za kuchipatala, ine ndinene za pakhomo.

Funso lanu lalikulu lija, maganizo anga ndi akuti musawachotse. Bambo anakhalapo kwa ine ku Ndirande, sanakhazikike ngakhale pang'ono. Kumudzi ankadziwa kuti chimbudzi chili kuseri kwa mtengo wa mango, miyendo inkapita yokha. Kutauni chitseko chilichonse chinali chachilendo, ankakodza m'ndowa ya madzi akumwa, ndipo tsiku lina anatuluka pageti tinakawapeza madzulo ku Limbe, atakhala pa depoti akudikira basi ya kwawo opanda ndi tambala yomwe. Kumudzi munthu akasochera amakumana ndi womudziwa. Ku Kawale adzakumana ndi minibasi. Ndipo inu mukapita kusukulu adzatsala ndi ndani, muziwatsekera m'nyumba?

Zomwe zinatithandiza titawabweza kumudzi ndi zazing'onozing'ono. Mlongo wanga anasokera kansalu kolembedwa nambala ya foni mkati mwa malaya awo onse. Pachitseko tinamangirira chitini chokhala ndi timiyala, akangotsegula usiku chimalira, wina amadzuka. Kanyali ka sola kamayaka usiku wonse, ndi kachidebe pafupi ndi pogona, chifukwa maulendo ambiri a usiku amayamba ndi kufuna kutaya madzi, kenako munthu waiwala kuti watulukiranji. Machesi, mankhwala a makoswe ndi a mbewu zonse tinatsekera. Anyamata a kabaza ndi a pagolosale tinawauza kuti mukawaona mdala akulowera ku msewu, muwachedwetse ndi nkhani mutiimbire.

Masana muziwatopetsa ndi kantchito. Bambo tinkawapatsa chimanga atong'ole, mtedza aswe, nyemba asankhe. Ngakhale asankhe mosokoneza, mudzabwereza okha iwo atagona. Munthu amene wakhala akugwira ntchito moyo wake wonse ukamukhazika chabe ndiye amanyamula khasu usiku.

Za ndalamazo, zambiri zisamafike m'manja mwawo. Muziwapatsa timapepala ta K200 ndi K500 kuti azimva kuti ali ndi kanthu, zotsala mng'ono wanu azisunga n'kumalemba m'kope, kuti mawa achibale asadzati anadya za mayi. Akati zabedwa, osatsutsana nawo. Mkangano ndi munthu wotere sungaupambane, iye mkanganowo aiwala koma mkwiyo utsala. Muziti "pepani, tiyeni tifune limodzi". Malo obisa amakhala omweomwewo, mukawadziwa nkhani imatha msanga. Kwathu wakuba anali mkazi wanga, amene ankawasambitsa ndi kuwachapira. Amalozedwa nthawi zonse ndi amene ali pafupi. Alamu anuwo muwaimbire inuyo panokha, muwathokoze, muwauze kuti banja lonse likudziwa kuti sanabe. Mawu amenewo akuyenera kuchokera kwa eni mbumba, osati kwa mkazi wawo yekha.

Mayi_Wapemphero anayankha:

Ine sinditsutsa achipatala ayi, koma abale tisamachite ngati zamizimu kulibe. Munthu kumanda m'bandakucha, wosavala, ndi khasu? Pitani nawo ku mapemphero a usiku kwa munthu wa Mulungu, ngati pali chomwe akubisa aulula okha, amasuke.

Mlangizi_WaZamalamulo anayankha:

Mayi Wapemphero, kupemphera palibe akuletsa, abusa ndi amayi a Chigwirizano abwere pakhomo adzaimbe nawo, zingawasangalatse kwambiri. Koma "aulula okha" ameneyo ndi amene waphetsa anthu. Munthu amene ubongo wake wawonongeka ukamuzungulira anthu ambiri, usiku, mokuwa, n'kumufunsa kuti "mwana uja munamulodza ndinu?", angathe kuyankha kuti eya, kungofuna kuti phokoso lithe kapena osamva n'komwe funso. Mawa lake sakumbukira, koma mudzi wonse wamva. A NaBanda, chilichonse chomwe mungasankhe, amayi asakaimikidwe pabwalo lililonse kuti afunsidwe mafunso, kaya kwa mfumu, kwa sing'anga kapena kutchalitchi.

Ndipo nkhani ya manong'onong'oyi musaichedwetse. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu achikulire anayi anaphedwa tsiku limodzi atawanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana wina. Zimayamba chimodzimodzi, ndi kuleka kupatsana moni pa mjigo, kenako pagwa maliro pafupi, anthu ali kale ndi dzina m'kamwa.

Malamulo ali mbali yanu. Lamulo lokhudza za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kuitana sing'anga kuti adzaloze mfiti ndi mlandunso. Malume adziwe zimenezi, mwaulemu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire. Koma lamulo lili ku Lilongwe, amayi ali kumudzi, ndiye chofunika ndi kuwatsogolera anthuwo. Mukachoka kuchipatala pemphani akulembereni kakalata kofotokoza matendawo. Mupite nako kwa a nyakwawa, inu ndi malume limodzi, musanaitanidwe. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mumupemphe akalankhulepo pamsonkhano wa mudzi. Kupolisi kuli ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support Unit, kadziwitseni kuti pali kuopsezedwa ngakhale palibe chachitika. Bungwe la MANEPO, lomwe limayang'ana za anthu achikulire, limalankhulapo kwambiri pa nkhanza zoterezi.

Ndisiyane pang'ono ndi achimwene a ku Balaka. Zonse anenazo n'zoona ngati mudzi uli pamtendere. Mukadzamva kuti wina waponya mwala padenga, kapena mwana wodwala uja zamuvuta, atengeni usiku womwewo. Kusokonezeka ku Kawale kuli bwino kusiyana ndi zinazo.

Chemwali_WakuLeeds anayankha:

Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba kuno ku Britain, ambiri mwa omwe ndimawasamalira ali ndi matenda omwewa. Nditawerenga za kamtolo ka zitenje ndinachita kuseka ndi misozi yomwe. Kuno nthawi ikamakwana 4 koloko madzulo agogo achizungu amanyamula tizikwama tawo n'kukaima pachitseko, akuti amayi awo akuwadikira, ena akuti akukatenga ana kusukulu. Ena anali aphunzitsi, ena ma injiniya. Kuvula, kubisa masikono m'nsapato, kunena kuti tawabera, zonse zilipo. Palibe amene amawatchula mfiti.

Chinthu chimodzi chomwe tinaphunzitsidwa ndipo ndikuchiona chikugwira ntchito: akafunsa za munthu amene anamwalira, musawauze kuti anamwalira. Kwa inu ndi nkhani yakale, kwa iwo ndi uthenga wa maliro womwe akuumva koyamba, ndipo mawa adzaumvanso koyamba. Nsima ya bambo ija aivundikire, mungoti "zikomo, tiwasungira", kenako muwafunse kuti kodi bambo ankabwera ndi chiyani kuchokera ku Joni. Adzakusimbirani za bulangete ndi wailesi mpaka aiwala zodikira. Akati ndiperekezeni kwathu, mmodzi awaperekezedi, azungulire nawo kuseri kwa nyumba kapena kudimba, pobwerera aziti tafika.

Konzekeraninso za kutsogolo, chifukwa matendawa sabwerera m'mbuyo. Idzafika nthawi yodziwonongera, yofuna pulasitiki pansi pa chofunda ndi sopo wambiri. Idzafika nthawi yotsamwa pomeza, yofuna phala ndi nsima yofewa, atakhala tsonga, pang'onopang'ono. Akadzagona osadzuka muziwatembenuza pakapita maola awiri alionse, apo ayi zilonda zimabuka m'chiuno ndi m'zidendene. Ndipo tsiku lina adzakuyang'anani n'kukufunsani kuti ndinu mwana wa yani. Zimapweteka, koma si kuti akukukanani.

Koma ine amene akundidetsa nkhawa kwambiri ndi mng'ono wanu. Kuno timagwira mosinthana, ukamaliza maola ako umapita kukagona, ndipo timalipidwa, komabe timatopa. Iye alibe womusintha, ali ndi ana, munda, ndi banja lomwe likugwedezeka. Ife akutali tili ndi chizolowezi chotumiza ndalama ya shuga kenako n'kumaimba foni kufunsa kuti bwanji amayi aonda. Achimwene a ku Blantyre aja, m'malo mwa thiransipoti ya ku Zomba, azilipira mayi wina wodalirika wa pamudzipo azibwera masana. Inu tchuthi cha sukulu chikafika muzipita kukagona m'chipinda cha amayi, mng'ono wanu akapumeko kwa apongozi ake.

NaBanda_Kawale anayankha:

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza. Ndinapita kumudzi Lachisanu, Lolemba tinapita nawo kuchipatala ine ndi mng'ono wanga. BP anaipeza yokwera kwambiri, komanso matenda mumkodzo, atipatsa mankhwala a zonse ziwiri. Adokotala anawafunsa kuti chaka chino ndi chiti, Pulezidenti ndi ndani, anayankha kuti Kamuzu, kenako anawafunsa adokotalawo ngati anakwatira. Atilembera kuti zikuoneka ngati dementia ndipo tibwererenso akamaliza mankhwala a mkodzowo.

Kalatayo tinapita nayo kwa a nyakwawa. Anatilandira bwino, anati nawonso azakhali awo ankachita zomwezi, ndipo alankhula pamsonkhano. Malume anatiperekeza koma njira yonse sanayankhule, pobwerera anangoti "achipatala amaona zawo". Sindikudziwa ngati asiya za sing'angazo. Mwana wa oyandikana nafe uja anali malungo, wachira, akusewera. Alamu ndinakhala nawo pansi, anangogwedeza mutu, koma madzulo ake ndinawaona akumangirira chitini pachitseko cha amayi. Achimwene avomera kutumiza ndalama ya wothandiza, tiona mwezi ukatha. Pakadali pano akhala konko.

Vuto lomwe sindinalitchule poyamba ndi kusamba. Akukaniratu. Mng'ono wanga akawatengera madzi kubafa amamukalipira kuti mwana sangaone maliseche a mayi ake, dzulo anamumenya ndi chikho. Okha sangathe, amangonyowetsa kumaso n'kuvalanso zomwezo, ndipo anamwino mwanena kuti matenda a mkodzo amawasokoneza kwambiri. Chemwali a ku Leeds, kumeneko mumatani ndi okana kusamba? Kapena tipemphe mnzawo wa msinkhu wawo wa ku Chigwirizano, mwina iyeyo angamulole?